Chala cha a Justus ndi Magiya Achijapani

A Justus anagwira ntchito ya zankhalango pa phiri la Zomba zaka makumi atatu, ndipo atapuma anakhazikika ku Sadzi ndi akazi awo, a Consolata. Anali ndi kamunda ka chimanga ndi nandolo, nkhuku zingapo, ndi njinga imodzi imene sinkagona panja. Inali njinga ya mpikisano, ya matayala owonda ndi mahandulo opindikira pansi ngati nyanga za nkhosa. Anawasiyira ndi wansembe wina wa ku Italy amene ankapalasa naye kale, pamene ankabwerera kwawo atakalamba. Magiya ake ndi mabuleki ake zinali zopangidwa ku Italy komweko, zasiliva, ndipo a Justus ankazipukuta ndi kansalu kakekake kamene munthu wina aliyense sankaloledwa kukagwira.

Mnzawo wapamtima anali a Hoosen, mwini sitolo ya zitsulo, penti ndi zipangizo za njinga pafupi ndi msika waukulu. A Hoosen anabadwira mu Zomba momwemo, monganso bambo awo, ndipo Chinyanja chawo chinkatuluka chosakanikirana ndi Chiyao cha makasitomala. Nawonso ankapalasa. Koma njinga yawo inali ya magiya ndi mabuleki a ku Japan, ndipo pa nkhani imeneyi awiriwa sanagwirizanepo ngakhale tsiku limodzi.

Anadziwana mu 2004, potsika phiri. Njinga ya a Justus ikamatsetsereka osapalasa imalira kumbuyo kuti trrrr, mokweza ndithu. A Hoosen anawapeza pakona n'kuwafunsa kuti, "Achimwene, mwatsekera nyenje m'tayalamo?"

A Justus anayang'ana njinga ya mlendoyo imene inkatsika ili zii, nati, "Yanga imapereka moni. Yanuyo ikuyenda ngati mbava."

Kuyambira pomwepo Loweruka lililonse m'mamawa ankakumana m'tauni, n'kukwera limodzi mpaka ku damu la Mulunguzi, akukangana.

Kusiyana kwa njinga zawo kunali m'manja. Pa yachitaliyana pali kabatani m'mbali mwa handulo kamene umadina ndi chala chachikulu pofuna kusintha giya. Pa yachijapani palibe kabatani; umangokankhira chogwirira buleki m'mbali ndi zala zinazi, tcheni n'kusamuka. A Justus ankati munthu sangakhulupirire buleki imene imagwedezeka uku ndi uku. A Hoosen ankati chala chachikulu ntchito yake ndi kugwira handulo, osati kuimba limba.

"Zachijapani ukazifuna umazipeza ngakhale ku Limbe," ankatero a Hoosen. "Zanuzo kuti mupeze kawaya kamodzi mpaka mulembere kalata ku Roma."

"Zanga sizifuna kawaya sabata iliyonse. Ndipo zikatopa ndimamasula ndekha, kusintha kasipuling'i kamodzi, basi zatsopano. Inu mumangogula zina."

A Hoosen atagula njinga yatsopano ya mabuleki oyendera mafuta, ogwira pa kambale kachitsulo pakati pa tayala, a Justus anaizungulira kawiri manja ali kumbuyo.

"Zikomo kwambiri," anatero. "Mwagula njinga yamoto, injini mwaiwala kusitolo."

Vuto linayamba mu Juni, kukuzizira. A Justus anadzuka tsiku lina chala chachikulu cha dzanja lamanzere chitatupa pamfundo. Anaganiza kuti anadzipweteka ndi khasu. Koma ululu unkangokulirakulira, ndipo cha kumanja nacho chinayamba. Kuchipatala anawauza kuti ndi nyamakazi, anawapatsa mapiritsi ndi mafuta opaka, n'kuwalangiza kuti asamazikakamize zalazo.

Tsono kabatani ka kumanzere ndi kamene kamagwetsera tcheni pa giya yofewa ya pachitunda. Popanda iko munthu wa zaka makumi asanu ndi limodzi ndi zinayi sangakwere phiri la Zomba. A Justus anapeza nzeru yawo. Akafika pamene chitunda chimayambira ankati, "Tsogolani, ndikataye madzi." Akabisala kuseri kwa mtengo ankakankha kabataniko ndi chikhatho cha dzanja lina, n'kunyamula tayala lakumbuyo, n'kuzunguza pedulo ndi dzanja mpaka tcheni igwere pamalo pake. Kenako ankathamangira mnzawo uja.

Potsika ndiye zinali zovuta koposa. Mabuleki akale amafuna kufinya ndi mphamvu, ndipo pofika pakati pa mtsetse manja awo ankayaka moto. Ankaima kawiri kapena katatu, ati akuona tauni.

"Che Justus, tauniyi yasintha chiyani chichokereni sabata yatha?" ankafunsa a Hoosen.

"Inu simuona kukongola. Ndiye vuto la anthu a magiya achijapani limenelo."

Mu Ogasiti anasiya kupita. Loweruka loyamba anati kuli msonkhano wa kumphakati. Lachiwiri anati kwabwera alendo. Lachitatu anatumiza uthenga pafoni kuti mutu ukuwawawa. Ankakhala pakhonde m'mawa wonse akuyang'ana phiri, n'kumakalipira nkhuku zosalakwa.

"Bambo a Yvonne, bwanji osangowauza anzanuwo?" anafunsa a Consolata, akuwathandiza kumanga mabatani a malaya popita kutchalitchi.

"Ndiwauze kuti chiyani? Kuti kabatani kamene ndakatamanda zaka makumi awiri kandikanika? Munthu uja adzaseka mpaka ku Liwonde adzamva."

"Ndiye mungokhala chonchi?"

"Ndikhala chonchi."

 Lolemba a Consolata anamanga chitenje n'kunena kuti akupita kutauni kukagula mahinji a chitseko cha khola la nkhuku.

Anawapeza a Hoosen akuyezera munthu misomali, ndipo akazi awo, a Fatma, anali atakhala kuseri kwa kauntala.

"Alamu, takulandirani!" anatero a Hoosen. "Odwala aja ali bwanji? Mutu uja unaleka?"

"Mutu wake uti? Si mutu ayi. Ndi zala."

Anafotokoza zonse: kutupa, zimene ananena adokotala, ndi zimene zinkachitika kuseri kwa mtengo, pakuti a Justus anali atawaululira tsiku lina ululu utawakulira. A Hoosen anaika misomali pansi.

"Ndiye kutaya madzi konse kuja?" anatero pang'onopang'ono. "Ine ndimada nkhawa kuti mwina ndi shuga!"

Anaseka pang'ono, kenako anasiya. Anavula magalasi n'kuyamba kuwapukuta ndi malaya.

"Miyezi iwiri munthu akuvutika pambali panga, ine ndikungomunyoza. Alamu, njinga yanga sifuna chala chachikulu ngakhale pang'ono. Ndipo mabuleki ake chala chimodzi chokha chimakwana. Ndikawapatse lero lomwe."

"N'chifukwa chake ndabwera. Koma mukakafika ndi mawu amenewo, sadzakweranso njinga moyo wawo wonse. Mumawadziwa."

"Ndimawadziwa."

 Amene anayankhula ndi a Fatma, osadzutsa n'komwe mutu pa nsalu imene ankasoka.

"Bambo a Zeeshan, ingokawauzani zoona zija."

"Zoona ziti?"

"Zili pansi pa kauntala apazi."

A Fatma anapisa dzanja n'kutulutsa kabuku kakale, kothimbirira m'makona chifukwa chotsegulidwa kawirikawiri. Munali zithunzi zokhazokha za magiya ndi mabuleki achitaliyana. Pamasamba ena panali mizere ya cholembera.

"Kabuku aka kali muno zaka khumi ndi zisanu," anatero a Fatma. "Makasitomala akachepa amakatsegula n'kumausa moyo. Tsiku lina ndinawamva akuyeserera kulira kwa njinga ya amuna anu ndi pakamwa."

"Mayi a Zeeshan!"

"Ndanama?"

A Hoosen anayang'ana kudenga, makutu atafiira. A Consolata anaseka mpaka kugwira kauntala, ndipo anatsala pang'ono kuiwala mahinji aja.

Lachisanu masana, atachoka kumzikiti, a Hoosen anapita ku Sadzi. Anawapeza a Justus pakhonde, manja atawabisa m'thumba la jekete ngakhale kunali dzuwa. Atapatsana moni ndi kufunsana za ana, a Hoosen anakhosomola.

"Che Justus, ndabwera ndi pempho. Musandiseke."

"Nenani."

"Tikukalamba. Ine ndisanasiye kupalasa ndikufuna ndikwere phiri lija pa njinga yanu. Kamodzi kokha. Ndakhala ndikuisirira kuyambira tsiku lija ndinaimva ikulira pakona."

A Justus anawayang'ana nthawi yaitali. Kenako anadzuka pampando ngati mnyamata.

"Mayi a Yvonne! Tabwerani kuno msanga, pakufunika mboni!"

A Consolata anatuluka akupukuta manja, nkhope ili ngati sakudziwa kanthu.

"Bwerezani zimene mwanenazo, a Hoosen. Mokweza."

"Ndati ndimaisirira njinga yanu."

"Magiya ake?"

"Magiya ake."

"Ndi kabatani komwe?"

"Ndi kabatani komwe. Mukufuna ndigwade?"

A Justus anaomba m'manja, ululu n'kuwakumbutsa, koma sanasamale. Anazungulira khonde akuseka. "Zaka makumi awiri! Ndinadziwa kuti tsiku lidzafika. Mawa lomwe. Koma dikirani, nanga ine ndikwera chiyani?"

"Mupirire yanga tsiku limodzi."

"Chabwino, ndipirira. Mkhristu amayenera kusenza mtanda."

Zoti njinga ya a Hoosen ilibe kabatani ankazidziwa bwino lomwe. Kungoti mtima wawo unali usanalolepo kuiganizira nkhani imeneyo mpaka kumapeto, ndipo tsiku limenelo unali wotanganidwa ndi kupambana.

Loweruka kunacha bwino. Unali mwezi wa Seputembala, mitengo ya jakaranda itayamba kugwetsa maluwa mumsewu. Anakumana pamalo pawo pa masiku onse, dzuwa litangotuluka. A Hoosen anali ndi kasipanala m'thumba. Anakweza chishalo cha njinga yawo chifukwa a Justus ndi aatali, n'kutsitsa cha inayo. A Justus anapereka malangizo ambiri ngati akupereka mwana kuukwati.

"Musaikhazike pansi mbali ya magiya. Musasinthe giya mukuponda mwamphamvu. Ndipo kabataniko mukadine mwaulemu."

"Ndamva, bwana. Kwende, tiyeni!"

Sanapite patali chisokonezo chisanayambe. A Hoosen anafuna kusintha giya, nakankhira chogwirira buleki m'mbali monga anazolowera. Sichinasunthe. Anakankhanso mwamphamvu mpaka njinga inakhotera kungalande.

"Yauma iyi!" anakuwa.

"Siinaume! Buleki ndi buleki basi. Kuseri kwakeko kuli kachitsulo, ndipo kabatani kali pa chala chanu!"

A Hoosen anadina. Panamveka kuti kha! kha! kha!, tcheni n'kudumpha magiya atatu nthawi imodzi, ndipo miyendo yawo inangouma pamapedulo. Anyamata a kabaza amene anali pamthunzi anafa nacho chiseko.

A Justus nawo sizinkawayendera. Chala chawo chinkangofufuza kabatani pamalo opanda kanthu, ngati munthu wofuna switchi m'nyumba ya eni. Atafika pamene chitunda chimayambira, pafupi ndi mtengo wawo uja, pakamwa panatsala pang'ono kunena za kutaya madzi. A Hoosen anawadutsa n'kunena osatembenuka, "Kachogwirira kakang'ono ka kuseri kwa buleki ya kumanzere. Ingokakhudzani ndi chala cholozera."

Anakakhudza. Tcheni inagwera pa giya yofewa mwakachetechete, moti anayang'ana pansi kuti atsimikize. Anayesanso ka kumanja. Giya inalowa. Anabweza, n'kulowetsanso, n'kubwezanso, ngati mwana amene wapatsidwa chidole. Chala chachikulu chinali chitangogona pahandulo osagwira ntchito iliyonse.

Msewu unayamba kukhotakhota. Anadutsa nyumba zomalizira, nalowa m'mitengo. Mphepo ya m'phiri inabwera ndi fungo la mapaini, ena mwa iwo odzalidwa ndi manja a a Justus omwe ali anyamata. Amayi otsika ndi mitolo ya nkhuni pamutu anapatuka n'kupereka moni. Miyendo ya a Justus inali italemera chifukwa cha masabata atatu okhala pakhonde, koma pakona iliyonse pamene chitunda chinkakula ankangokhudza kachogwirira, mwendo n'kupepuka. Masiku onse a m'nyengo yozizira ankakwera ndi giya imodzi poopa ululu. Lero anali nawo onse.

Kumbuyo kwawo a Hoosen anali atayamba kuizolowera. Kulira kwa kha! kha! kunkamveka m'nkhalango monse, ndipo nthawi iliyonse kunkatsatana ndi chiseko.

"Ikuyankha!" anafuula. "Che Justus, njinga iyi ukaiuza kanthu imayankha!"

"Ndinkakuuzani chiyani?"

"Koma giya yake yofewa si yofewa ayi! Wansembe wanu uja anali ndi miyendo ya njati?"

"Palasani, musalongolole!"

Pamene msewu umayang'ana kuchigwa, tauni yonse inaoneka pansi, madenga akunyezimira, ndi chigwa chotambalala mpaka kumapiri a kutali. A Justus sanaime. Anaimirira pamapedulo, chinthu chimene anali asanachite kuyambira mu Meyi, ndipo anamva mtima ukugunda bwinobwino m'chifuwa. Anayamba kuimba nyimbo ya kukwaya mopuma modukizadukiza, mawu ake osamveka, mpaka pusi amene anali pamwala anathawa.

Anafika ku damu la Mulunguzi iwo oyamba. Madzi anali phee, mitengo ikuonekera m'menemo. Anatsamiritsa njinga pamwala n'kukhala pansi. Anatambasula manja awo n'kumawayang'ana. Zala zinali zotupabe pamfundo monga mwa masiku onse, koma sizinkayaka. Anakhala akuziyang'ana choncho, ndipo pang'onopang'ono nkhope yawo inasintha.

A Hoosen anafika thukuta lili kamukamu, akupuma ngati mvukuto, koma mano onse ali pamtunda. Anatsika n'kuikhazika njinga mosamala, mbali ya magiya ili kumwamba.

"A Hoosen," anatero a Justus. "Pansi paja munadziwa bwanji kuti ndikufuna kachogwirira ka kumanzere?"

"Chitunda chinali chitayamba."

"Simunatembenuke n'komwe. Ndipo lero simunandifunse za kutaya madzi."

A Hoosen anatsegula botolo la madzi n'kumwa nthawi yaitali kuposa mmene ludzu linkafunira.

"Anakuuzani ndi mayi a Yvonne," anatero a Justus. "Mahinji aja."

"Anandiuza."

"Ndiye zonse zija za dzulo, kusirira, mboni, linali sewero? Munandimvera chisoni?"

"Ayi. Pamenepo ndiye ayi." A Hoosen anakhala pansi pambali pawo. "Zoti mukudwala ndinamva Lolemba. Zoti ndimaifuna njinga iyi ndi zakalekale. Mukafunse mayi a Zeeshan, akakuonetsani kabuku kamene ndimabisa pansi pa kauntala. Andiyalutsa pamaso pa akazi anu, ine ndili pomwepo. Ndikanakuuzani kale, koma mukanandisiya ndi mtendere inu?"

"Sindikanakusiyani."

"Mwaona. Inunso mukanandiuza za chalacho mu Juni."

"Mukanaseka."

"Ndikanaseka tsiku limodzi. Tsiku lachiwiri ndikanabweretsa njinga."

A Justus anatulutsa dzanja lamanzere n'kuwaonetsa. A Hoosen analigwira mosamala, nalitembenuza ngati akuyeza chitsulo chimene kasitomala wabweza, napukusa mutu.

"Chala chimenechi chagwira ntchito, chipume," anatero.

"Koma timvetsetsane," anatero a Justus atadzutsa chala cholozera. "Amene agonja ndi manja anga. Magiya anga sanagonje."

"Palibe wanena zimenezo."

"Ndipo zachijapanizi sindinanene kuti ndi zabwino."

"Ndinakumvani mukuimba, Che Justus. Pusi uja ndi mboni."

Anaseka onse awiri mpaka a Justus anatsokomola. Mayi wina wogulitsa zipatso, dzina lake Ellah, amene ankawadziwa kuyambira kale, anabwera ndi mbale ya mastiroberi ndi mabulosi achikasu a m'phiri.

"Agogo, munasowatu," anatero kwa a Justus. Kenako anayang'ana njinga ziwirizo, nayang'ana eni ake. "Iii, koma lero mwasinthana? Kugwa mvula ya matalala."

"Tikungoyesa," anatero a Justus.

"Ine ndaona mmene mwafikira. Kuyesa kwake kumeneko mupitirize."

Anadya zipatsozo atakhala pamwala, milomo itafiira ngati ana asukulu. Dzuwa litakwera, a Hoosen anaimirira n'kumanga chipewa.

"Tsopano mvetserani, pakuti apa ndiye pofunika. Mabuleki amenewo musawafinye ngati anu aja. Chala chimodzi, pang'onopang'ono. Mukawagwira ndi dzanja lonse mukafika kutauni njinga isanafike."

"Inunso mvetserani. Angawo amafuna dzanja la mwamuna. Muyambe kugwira kona isanafike, osati muli pakona."

Anayamba kutsika. Pakona yoyamba a Justus anagwira mwamantha, njinga n'kugwedezeka chifukwa inamva msanga kuposa mmene ankayembekezera. Pakona yachiwiri anachepetsa mphamvu. Pofika yachitatu anali atapeza muyezo wake, ndipo anailola njinga kuti ithamange. Mphepo inawalowa m'malaya, misozi ikutuluka m'makona a maso. Kwa miyezi itatu mtsetse uwu unali chilango chowerengera makona kuti atha liti. Lero anaukumbuka mmene unalili kale.

Atakhota kona ina yobisika anapeza anyani atadzaza msewu, wamkulu atakhala pakatikati akudzikanda pamimba. A Justus anakoka ndi chala chimodzi uku ndi uku. Njinga inaima bwinobwino, patatsala mayadi angapo. Nyani uja anawayang'ana, osasuntha.

Kenako kumtunda kunamveka trrrr, kukubwera mwaliwiro, pamodzi ndi mawu a munthu akuitana dzina la Mulungu. Anyani atamva phokosolo anabalalika onse kulowa m'tchire, wamkulu uja patsogolo. A Hoosen anadutsa pamalo amene panali anyani paja, manja onse awiri atafinya mabuleki, maso ali tong'o, n'kukaima chapatsogolo phazi limodzi likukhwekhwereza pansi.

"Munati ndiyambe kugwira kona isanafike," anatero akupuma. "Simunanene kuti ndiyambire ku damu!"

"Koma mwaona? Anyani akupatsani njira. Ine anangondiyang'ana."

"Ndiye tiziyenda chonchi. Ine patsogolo kuthamangitsa anyani, inu pambuyo."

Anatsika mtunda wotsalawo pang'onopang'ono, moyandikana. A Justus sanaime kuti aone tauni ngakhale kamodzi. Atafika pamphambano pamene amasiyanirana, aliyense anatsika, koma panalibe amene anapereka njinga kwa mnzake. Anangoima atagwira mahandulo.

"Chishalo ndachikweza kale," anatero a Hoosen. "Kuchitsitsanso ndi ntchito."

"Zoona. Ndi ntchito yaikulu."

"Ndiye ikhale kwanu kaye."

"Kaye," anavomera a Justus. Anayang'ana njinga yawo yasiliva ili m'manja mwa mnzawo. "Koma imvani. Isagone panja. Musaigulitse, ngakhale munthu atabwera ndi galimoto kuti musinthane. Ikafuna kumasula muzibwera nayo ku Sadzi. Ine ndizinena, inu muzigwira sipanala."

"Ndavomera. Mphira za mabuleki ndiika zatsopano, manja angawa ndi a m'sitolo."

"Ikani. Koma zikhale zachitaliyana."

"Ndilembera ku Roma lero lomwe."

A Hoosen anakwera n'kulowera kumsika, akusiya dala kupalasa kuti njinga ilire, anthu m'mbali mwa msewu akutembenuka. A Justus analowera ku Sadzi.

A Consolata anali akuanika zovala pamene anaona amuna awo akulowa pachipata ndi njinga yakuda ya a Hoosen. Anapitiriza kuanika.

"Mwayenda bwanji?"

"Mayi a Yvonne, khola la nkhuku lija lili ndi zitseko zingati?"

"Chimodzi."

"Ndipo mahinji ake anali atathyoka?"

"Anali atatsala pang'ono."

A Justus anayesetsa kukwinya nkhope, koma inakana. Analowetsa njinga m'nyumba, naiimika pamalo pa inzake paja, n'kubwerera pakhonde.

"Nanga zachijapanizo zili bwanji?" anafunsa a Consolata.

"Sizoipa kwenikweni. Kwa munthu wodwala."

"Ndikawauze a Fatma choncho?"

"Musawauze kanthu. Muli chakudya m'nyumba muno? Njala yake ngati ndalima ekala."

Anadya mbatata zonse zimene zinatsala m'mawa, namwa makapu awiri a tiyi, akufotokoza za anyani ndi mmene a Hoosen anakuwira, mpaka kuimirira kuti aonetse mmene phazi linkakhwekhwerezera. Nkhaniyo anaibwereza kawiri. Pofika kachitatu mawu anayamba kuchepa, ndipo a Consolata atatuluka kukatenga makapu anawapeza atagona pampando, nsapato zopalasira zili kuphazi, pakamwa pali pofiira ndi mabulosi. Anathamangitsa nkhuku pakhonde kuti zisawadzutse, n'kupita kukaimbira a Fatma foni kuseri kwa nyumba.